Njinga Zolira

Girisi sachoka ndi sopo wamba. Make mapasa ankadziwa zimenezi kuyambira chaka chimene anakwatiwa, komabe m'mawa umenewo anali atagwada pa beseni kuseri kwa nyumba, akutikita malaya a mwamuna wake ngati malayawo ali ndi mlandu. Munthu wamkulu, ndevu zayamba imvi, n'kumakonza njinga atavala malaya oyera! Ana anali atapita kusukulu, makapu a tiyi ali mbwee patebulo, m'nyumba mosasesa, ndipo masana anali woti akalowe ntchito yake yokolopa m'maofesi. Seveni koloko inali isanakwane, koma dzuwa linali litayamba kale kumuluma kumsana. Chilimwe cha chaka chimenecho chinalibe chisoni ndi munthu.

Geti linalira.

"Odi! Alamu! Odi kuno!"

Anali a Telala, mmodzi wa anzake atatu a mwamuna wake amene ankapalasa naye njinga m'mawa uliwonse. Anatulukira kuseriko akukankha njinga yawo, ali wefuwefu, thukuta likudontha pachibwano.

"Alamu, a Sipanala afika?"

Sipanala ndi dzina limene anzakewo ankamutcha mwamuna wake, kuyambira kale akukonza makina ku fakitale.

"Afika kuti? Si mwatengana nonse mbandakucha uno?"

"Tinatengana, inde."

"Ndiye mukundifunsa ine? Ine ndili ndi maso kumsewu?"

A Telala anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja. "Atisowa, alamu. Tawadikira pa mlatho, osabwera. Tabwerera njira yonse, kulibe. Anzathu awiri, Aphunzitsi ndi a Nesi, alowera msewu wa kuchipatala, ine ndathamangira kuno."

Make mapasa anasiya malaya aja m'madzi. Thovu linamuyenderera m'mikono mpaka m'zigongono, iye osalipukuta.

Chaka chathachi mwamuna wake anagwa pantchito ndi sitiroko. Dzanja lamanzere linabwerera pang'onopang'ono, koma mwendo unatsala ukukoka. Atatuluka m'chipatala anakhala pampando wobiriwira wa pabalaza, n'kuutembenuza kuti uyang'ane khoma. Miyezi isanu ndi itatu munthu akuyang'ana khoma. Ana akamulankhula ankayankha ndi mutu. Wailesi ankaithimitsa. Make mapasa anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anayesa kulira, khoma n'kumapambanabe. Kenaka tsiku lina anzake atatuwa, amene ankapalasa naye kuyambira ana asanabadwe, anafika pageti ndi njinga zawo n'kunena kuti sachoka mpaka atuluke. Anatuluka tsiku lachinayi, mwina chifukwa cha manyazi. Kuyambira pamenepo inali miyezi itatu akudzuka yekha kusanache, akufunsa kumene kuli masokosi, akubwerako ali ndi njala ndi nkhani. Mpando uja ana anayamba kuunjikapo mabuku.

"Atisowa bwanji?" anafunsa. "Munthu wokoka mwendo angasowe anthu atatu a maso awiriawiri? Si mumayenda limodzi ngati abakha?"

"Lero sitinayende limodzi."

"Chifukwa?"

A Telala anayang'ana njinga yawo, anayang'ana beseni, anayang'ana kumwamba.

"A Telala, ine ndilibe tsiku lonse. Lavulani."

Ndipo analavuladi. Sabata yoyamba ija, anatero, a Sipanala sankatha kuyenda nawo. Anzawo ankawadikira pa pholo lililonse la magetsi, ndipo tsiku lachisanu a Sipanala ananena kuti mawa musadzanditengenso, ndikukuchedwetsani. Kunamizira kutopa sikukanathandiza, chifukwa a Sipanala amamvetsera kupuma kwa munthu ngati mmene amamvetserera injini. Ndiye a Nesi anabwera ndi nzeru. Onse atatu anamanga mabuleki a kumbuyo kuti mphira uzikhudza limu la gudumu nthawi zonse, n'kuphwetsako matayala. Njinga zinasanduka ngolo za mchenga. Thukuta linakhala lenileni, kupuma kwenikweni, ndipo pa chitunda cha pa thanki ya madzi a Sipanala anayamba kuwapitirira.

"Miyezi itatu?" anatero Make mapasa. "Kutentha konseku?"

"Miyezi itatu ndi masiku anayi."

"Ndiye kulira kuja..."

"Mabuleki, alamu."

Make mapasa anakhala pa chidebe chovundikira. Njinga zitatu zija zinkamusowetsa mtendere. M'mawa uliwonse zinkafika pageti zikulira kwii, kwii, n'kudzutsa ana nthawi isanakwane. Mwamuna wake ankawaseka anzakewo n'kumawapempha kuti azione, iwo n'kumazemba. Aphunzitsi ankati njinga yawo siizolowera manja achilendo. A Nesi ankati achedwa kuntchito. Ndiye dzulo lake, atangobwerako kokapalasa, Make mapasa anaima pageti manja ali m'chiuno.

"Njinga zanuzi zikulira ngati nkhumba zopita kokaphedwa," anawauza. "Zisiyeni pano, mupite wapansi. Bambo awa andimasulira kale wotchi, ayironi ndi chitseko cha kabati chifukwa chosowa chogwira. Apatseni chochita ndisanapenge."

Ndani akanamukanira Make mapasa ataima chomwecho? Anazisiya.

Tsopano anakumbukira. Madzulo pobwera kuntchito anapeza njinga zitatu zitaima mondandalika kukhoma, zikuwala, matayala ali gwa. Mwamuna wake anali atakhala pa sitepe, osaimba mluzu monga amachitira akamaliza ntchito. Anadya pang'ono n'kukagona. Iye anangoti ndi kutopa. Walira mvula walira matope.

"Anazindikira," anatero.

"Anazindikira. Ife timati mwina angothira oyilo m'tcheni. Lero titangokwera tinayang'anana, njinga zikuuluka zokha. Tinayesa kufinya mabuleki ndi manja mobisa. Tisanafike pa thanki anaima n'kunena kuti, Aphunzitsi, chotsani dzanja pamenepo, ine si mwana. Aliyense apalase mmene angathere mpaka pa mlatho, ndikufuna ndione. Tikanatani, alamu? Tinapalasa."

"N'kumusiya."

"Miyendo yathu yazolowera kukoka mabuleki. Ine ndinangoponda katatu, kutembenuka, munthu waoneka ngati nyerere."

Make mapasa anadzuka. Analowa m'nyumba, anatsegula firiji n'kupeza botolo la madzi la mwamuna wake lili pomwe analiika usiku. Mwini wake sanalitenge. Munthu amene akufuna kubwerera bwino saiwala madzi m'chilimwe. Anayang'ana pabalaza. Mabuku a ana anali atachotsedwa pampando wobiriwira uja n'kuikidwa bwinobwino pansi.

Make mapasa sankaopa galimoto kapena dzenje. Bambo ameneyu akagwa amadzuka. Chimene ankaopa chinali mpandowo.

Anavala nsapato, anatenga botolo lija ndi chipewa chake, n'kutseka chitseko.

"Kuchipatala akutaya nthawi anzanuwo," anatero. "Tiyeni kuseri kwa njanji, kumene amaunjika zitsulo zakale."

"Kutali konseko? Akatani kumeneko?"

"Chinthu chikamukwiyitsa amakachisiya kumeneko. Anatero ndi mbaula yamagetsi, anatero ndi wilibala. Samataya chinthu kudzala, amati chitsulo chimakagona ndi zinzake. Tembenuzani njingayo."

Pa kaliyala ya a Telala panali pomangidwa chikwama cha chinsalu chakuda, cholemera ngati mwala.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Zipangizo za gulu. Pampu, masipanala, zigamba za chubu, guluu. Lamulo lathu ndi lakuti wam'mbuyo ndiye amanyamula chikwama. Wa kutsogolo tayala likamuphwera amangokhala pansi, wam'mbuyo amupeza. Analikhazikitsa ndi a Sipanala omwewo, kalekale. Masiku amenewo iwo ankakhala kutsogolo, ine chikwama sichinandichokepo."

"Miyezi itatu yonseyi mumakhala m'mbuyo mwa munthu wodwala?"

"Malo anga ndi amenewo, alamu. Ndinawazolowera."

Make mapasa anachimasula, anachiika pamiyendo, n'kukhala pa kaliyala cham'mbali. Anali asanakwere njinga chibadwire cha mapasa.

Anadutsa mashopu akungotsegulidwa kumene, anadutsa pomwetsera mafuta, anadutsa ana ochedwa kusukulu akuthamanga mabuku ali pamutu. Phula linali litayamba kufewa, fungo lake likukwera. Atafika pa chitunda cha kunjanji, chija ngakhale minibasi imakwera ikubuula, Make mapasa anakonzeka kutsika kuti ayende wapansi. A Telala sanachepetse n'komwe. Kamunthu kafupi kameneka, kamene kale kankapuma kawiri pokwera masitepe a shopu, kanakwera chitunda chonse katakhala pachishalo, katanyamula mayi wa ana awiri ndi chikwama cha zitsulo.

"Pang'onopang'ono, a Telala! Mukufuna ana anga atsale opanda mayi?"

"Pepani, alamu. Kungoti ndinu opepuka kuposa buleki."

"Muone kutsogolo."

Anayang'ana msana wa munthuyo. Malaya anali atanyowa mpaka kumamatira, mafupa a mapewa akuonekera. Miyezi itatu. Iye ali m'nyumba kutukwana kulira kwa njinga, anthu akuwotchedwa ndi dzuwa pamsewu chifukwa cha mwamuna wake. Anagwiritsa chikwama.

Anamuona ali patali. Geti la malo a zitsulo linali lisanatsegulidwe. Mwamuna wake anali atakhala pa tayala lakale la lole, mu kamthunzi kopyapyala ka mpanda wa malata, mwendo wodwala uja atautambasula. Njinga inali gone pafumbi, mbali ya tcheni ili pansi. Munthu amene ankakalipira ana akangoitsamiritsa molakwika.

"Imani apa," anauza a Telala. "Musayandikire mpaka ndikuitaneni."

Anayenda yekha, chikwama chili m'dzanja chifukwa anaiwala kuchisiya. Mwamuna wake sanadzutse mutu. Milomo inali itauma, yoyera m'mbali.

"Madzi awa."

Sanalandire. Anamuikira botolo pamiyendo, n'kumuveka chipewa ngati akuveka mwana.

"Imwani. Sindinabwere kudzanyamula munthu wokomoka, msana wanga unatha kale."

Anamwa. Anamwa theka la botolo osapuma.

"Unkadziwa, Make mapasa?"

"Ndikanadziwa ndikanawauza kuti asiye njingazo m'manja mwanu? Ganizani bwino."

"Onse atatu," anatero, akuyang'ana fumbi. "Nati yomweyomweyo, kuzungulira kofanana. Ya Aphunzitsi ndinati ndi umbuli. Ya a Nesi ndinati mwina. Nditagwira ya Telala ndinakhala pansi." Anapukusa mutu. "Ndimabwera kunyumba n'kumakuuza kuti lero ndawasiya Aphunzitsi pa thanki. Ndimauza ana. Ana n'kukauza anzawo kusukulu kuti bambo athu achira, amapitirira anthu abwinobwino. Lero ndaona kuchira kwangako. Anandisiya ngati chitsa."

"Ndiye mwabwera kudzasiya njinga."

"Ikagone ndi zinzake."

"Kenaka?"

Onse awiri ankadziwa kumene mabuku a ana anaikidwa.

Akazi ena amadziwa mawu ofewa a nthawi ngati imeneyi. Make mapasa anawafufuza m'mutu mwake, sanawapeze. Anapezamo zochapa, mbale, ndi maofesi khumi ndi awiri omudikira masana.

"Ndikufunseni," anatero. "Pano ndi pati?"

"Ukufunsa chiyani? Sukuona?"

"Ndikuona. Kuchokera kunyumba kufika pano, ndi kuchokera kunyumba kufika pa mlatho, kutali n'kuti?"

"Kuno."

"Mwabwera pa chiyani?"

"Make mapasa..."

"Pa chitunda cha kunjanji chija anakukankhani ndani? Ine ndadutsapo pompano, ndaona minibasi ikutsitsa anthu kuti ikwere. Inu munatsika?"

"Sindinatsike. Ndinali nditakwiya."

"Mkwiyo ulibe miyendo. Njinga yanuyi anaikhudza anzanuwo? Anaiika injini?"

"Ndinaiyang'ana dzulo. Sanaikhudze."

"Msewu anaudula kuti ufupike? Thanki anaisendeza?"

"Bodza ndi bodza, Make mapasa."

"Inde ndi bodza. Ndipo ine bodza limenelo ndikuligwadira." Mawu anamukwera osafuna. "Miyezi isanu ndi itatu ndinakuuzani zoona zokhazokha. Dzukani, adokotala anati muziyenda. Dzukani, ana akukuopani. Zoona zangazo zinakudzutsani? Munthu amene sankafika kubafa popanda phewa langa lero wakwera chitunda cha kunjanji, wafika n'kukhala pansi kuti adandaule kuti sanachire. Kukusambitsani sindinadandaule. Kukumangirani zingwe za nsapato sindinadandaule. Koma kuyang'ana nkhongo yanu chaka china, ayi, bambo. Mukakakhalanso pampando uja, ndidzaunyamula inu muli pomwepo, ndidzakutuleni pageti pano mudzagone ndi zinzanu."

Mwamuna wake anazunguza botolo m'manja.

"Sangaulandire," anatero pansipansi. "Ndi wamatabwa."

"Ndiye adzalandira inuyo. Mutu wanuwo ndi chitsulo."

Sanaseke, koma mphuno inatulutsa kamphepo. Make mapasa anakodola a Telala. Anabwera akukankha njinga mwaulemu ngati akulowa mu ofesi ya bwana, n'kuima chapatali.

"Achimwene," anayamba, "tinalakwa. Koma..."

"Iwe Telala, bwera nayo kuno njingayo."

Anaibweretsa. Sipanala anayendetsa chala m'mbali mwa limu la kumbuyo, mmene mphira unakumba kanjira.

"Ukuona ichi? Limu labwinobwino mwalidya ngati makoswe. Mwezi wina umodzi likanang'ambika uli pa liwiro, ukanasiya mano pa phula. Anthu atatu akuluakulu, wina mphunzitsi, wina wa chipatala, palibe anaganiza zimenezo? Mukafuna njinga ilemere simumanga buleki. Mukanandifunsa."

"Tikanakufunsani bwanji, achimwene?"

Sipanala anachotsa chala pa limu.

"Komanso musatimvere chisoni kwambiri," anapitiriza a Telala, atalimba mtima. Anakoka thalauza lawo m'chiuno, munatsala malo olowa mwana. "Thalauza ili ndalibweza kawiri. Mimba ija munkati ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwaionanso? A Nesi akuti BP yanga yatsika. Akazi anga akundifunsa kuti ndikudya kuti, kapena ndikudyedwa ndi ndani. Mwandichiritsa ndinu, ine wosadwala."

"Chitsiru," anatero Sipanala. Koma anali akuyang'ana khosi la mnzakeyo, lakuda bii ndi dzuwa, ndi mzere woyera wa mchere pa kolala. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anamupatsa botolo lija. "Maliza."

Makiyi analira. Mlonda wa pamalopo anali akumasula loko wa geti. Anayang'ana anthu atatuwo, anayang'ana njinga yogona pafumbi.

"Mwabweretsa imeneyi, bambo? Ilowetseni."

Make mapasa zonena anali atamaliza. Anangomva thukuta likutsika pamsana, ndi ntchentche ikuzungulira khutu.

Sipanala anagwira mpanda, anadzikoka n'kuimirira. Anayenda masitepe atatu akukoka mwendo, anawerama, anadzutsa njinga. Anauzira fumbi la pa tcheni, n'kulipukuta ndi m'munsi mwa malaya. Malaya enanso oyera.

"Ayi," anauza mlonda. "Timangopuma."

Anatembenukira kwa mkazi wake n'kutambasula dzanja. Iye anaganiza kuti akufuna phewa, n'kusendera.

"Chikwamacho," anatero.

"Achimwene, n'cholemera chimenecho," anatero a Telala. "Ndinyamula ine monga mwa masiku onse."

"Lamulo limati chiyani?"

"Limati... wam'mbuyo."

"Wam'mbuyo ndani?"

A Telala anayang'ana Make mapasa ngati akupempha thandizo. Iye anangopereka chikwama. Mwamuna wake anachimanga pa kaliyala yake ndi lamba wa chubu chakale, anachikoka kawiri kuona ngati chagwira.

"Ukawauze anzako," anatero. "Wokhudzanso buleki ndimuthyola zala. Muzipita mmene mungathere. Mukafika pa mlatho muzikhala pansi, muzicheza, ndikupezani."

Pobwerera a Telala anali kutsogolo ndi Make mapasa pa kaliyala, Sipanala m'mbuyo. Iye anakhala motembenukira kuti azimuona. Mwendo wamanzere unkaponda mochedwa, bondo likuthawira kunja, njinga ikupendekera mbali imodzi n'kubwereranso. Sikunali kupalasa kokongola. Mpata unkakula, munthu n'kumachepa, koma akafika pokhota ankatulukira ndithu, chipewa chili pamutu, chikwama chikugwedera kumbuyo.

Atadutsa pomwetsera mafuta anapeza anthu awiri pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Aphunzitsi, aatali, a magalasi, anali atakhala pa mwala, njinga yawo itatsamira mtengo, tayala la kutsogolo lili fwaa. A Nesi anali akudzikupiza ndi katoni.

"Telala, iwe!" anakuwa a Nesi. "Wathawa ndi chikwama, ife tikupsa pano! Chubu cha Aphunzitsi chaphulika ngati mfuti, agalu onse a mumsewu uno athawa. Mwawapeza?"

"Akubwera."

"Ali bwanji?"

"Akutukwana."

"Ndiye ali bwino," anatero a Nesi, n'kupumira m'mwamba. "Nanga chikwama chili kuti?"

"Chikubwera ndi mwini wake."

Anadikira. Patapita kanthawi Sipanala anatulukira, pang'onopang'ono, n'kudzaima patsogolo pawo. Anatsitsa mwendo wabwino, anayang'ana tayala lija.

"Ndinalipopa kwambiri," anatero. "Ndinapopa ndili ndi mkwiyo, dzuwa lamalizitsa. Kulakwa n'kwanga kumeneko."

"A Sipanala," anayamba Aphunzitsi, akuimirira n'kukonza magalasi, "ndikufuna ndifotokoze, m'malo mwa tonse, kuti cholinga chathu..."

"Aphunzitsi, belu silinalire. Gwirani njingayi, muitembenuze."

Anamasula chikwama, anayala zipangizo pa chinsalu mwa dongosolo lake lakale, zazing'ono kumanzere, zazikulu kumanja. Anthu atatu aja anamuzungulira, wina wagwira gudumu, wina wagwira manati, wina akungolandira matukwano. Make mapasa anaona kuti pamenepo ntchito yake yatha. Kunyumba kunali pafupi, akanatha kuyenda.

Asanachoke anakoka a Nesi pambali. Mayi ameneyu ankagwira ntchito ya usiku masiku ena, n'kuchoka kuchipatala molunjika kudzapalasa njinga yomangidwa buleki.

"Nzeru imeneyi akuti inali yanu."

"Pepani, mayi. Timafuna..."

"Mabotolo anu a madzi muzisiya kwathu madzulo. Nonse atatu. Ndiziwaika mufiriji, muziwapeza ataundana." Anayang'ana kumbali. "Ndipo zikomo. Sindidziwa kunena zambiri."

"Mwanena," anatero a Nesi.

Anafika kunyumba mapazi akuwotcha m'nsapato. Madzi a m'beseni anali atafunda ndi dzuwa, thovu lonse litatha, malaya atamira pansi. Anasesa kaye, anatsuka makapu, khutu lili kugeti. Wotchi ya pakhoma inali yosathandiza, popeza mwini nyumba anaimasula sabata yatha n'kutsala ndi tizitsulo tiwiri m'manja.

Geti linalira. Anamva mabelu akutsanzikana kumsewu, kenaka phazi limodzi loponda ndi lina lokoka. Anatuluka msanga n'kukagwada pa beseni, kuti asaoneke ngati amadikira. Mwamuna wake anatsamiritsa njinga kukhoma, mbali ya tcheni ili kunja. Analowa m'nyumba, molunjika pabalaza.

Manja a Make mapasa anaima m'madzi.

Kunali zii. Kenaka anamva chinthu chikukhwekhwerezeka pa simenti, chikugunda chitseko, chikukana kutuluka, munthu akuchitukwana. Mpando wobiriwira uja unatulukira chammbuyo, mwamuna wake akuukoka ndi dzanja limodzi. Anaukokera mpaka pamthunzi wa khonde la kuseri, anatembenuza njinga yake miyendo m'mwamba patsogolo pake, n'kukhala pansi, phuu.

"Mpando wa pabalaza umenewo," anatero Make mapasa. "Muupaka girisi."

"Kuwerama kukundipweteka msana. Pedulo ya kumanzereyi ndikufuna ndiikire lamba, phazi likumaterereka. Uli ndi lamba wakale wa chikwama cha ana?"

"Mufufuze nokha m'kabati. Chitseko munachotsa kale, simuvutika."

"Mawa undidzutse hafu folo. Wam'mbuyo amayenera kunyamuka atadya."

"Ndine wotchi yanu ine? Bwezeretsani ija munamasula."

Mwamuna wake anaseka, n'kuvula malaya aja anapukutira tcheni, n'kuwaponya. Anagwera m'mbali mwa beseni, mzere wakuda uli pamwamba. Posakhalitsa mluzu unayamba, wosalongosoka, wa nyimbo yosadziwika mutu wake.

Make mapasa anayang'ana malaya achiwiriwo, anayang'ana dzuwa. Nthawi yoti ayambe kukonzekera kuntchito inali itayandikira, ndipo ngakhale oyamba aja anali asanayere. Anavuula malaya m'madzi ofunda, anapeza banga lija lili pomwe analisiya, anapakapo sopo, n'kuyambanso kutikita.